Kanyani ka pa chala kaja kasiyeni mu mtengo mwake

Masiku ano pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu mwavuta kavidiyo ka kanyani kakang'ono kokakamira pa chala cha munthu, kakuphethira timaso kwinaku akukapesa ndi mswachi, ndipo zomwe anthu akulemba pansi pake ndi zimodzimodzi, ine ndikufuna kamodzi, kamagulidwa kuti, ndi zingati, wina mpaka kufunsa ngati madalaivala a mathiraki ochokera ku Joni odutsa pa boda ya Dedza sangabwere nako. Anthu ochepa atanena kuti zimenezi ndi nkhanza kwa nyama mkangano unabuka, akuti inu ndi ansanje, akuti mwatengera maganizo a azungu okonda galu kuposa munthu. Ine ndaima ndi ochepawo ndipo ndinena mosapsatira: kanyani kameneka si koweta, kaya kuno ku Dedza, kaya ku London, kaya kwawo komweko ku Peru, ndipo amene akusheya kavidiyoko ndi mawu oti ndikufuna kamodzi akukometsera geni yoipa olo iwo sakudziwa. Sindikunena izi chifukwa cha chisoni chokha ayi. Zifukwa zake zili m'thupi mwa kanyamako ndi mmene kamakhalira, moti munthu akangodziwa zomwe kamadya, mmene kamalerera ana ndi mmene kamayankhulirana ndi abale ake, nkhani yoweta ija imagwa yokha.

Dzina lake ndi pygmy marmoset, ogulitsa amakatcha finger monkey. Kwawo ndi m'nkhalango za kumadzulo kwa chigwa cha Amazon, ku Brazil, Colombia, Ecuador, Peru ndi Bolivia, makamaka m'mphepete mwa mitsinje mmene madzi amasefukira nyengo ina ya chaka. Pa anyani onse a pa dziko lapansi kakang'ono kwambiri ndi komweka, kakakula kamalemera magalamu ongopitirira pang'ono 100, ngati mbatata imodzi ya kachewere yapakatikati, thupi lake masentimita 12 mpaka 15 basi, mchira ndiye wautali kuposa thupi. Katswiri wa ku Germany, Johann Baptist von Spix, ndi amene anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1823, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankangoti ndi mtundu umodzi mpaka mu 2018 pomwe kafukufuku wa chibadwa chake (DNA) anaonetsa kuti ilipo iwiri, Cebuella pygmaea ndi Cebuella niveiventris, yolekanitsidwa ndi mitsinje ikuluikulu ya kumeneko. Kamatha kutembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo kwenikweni thupi lili chilili, ndipo kamalumpha mpaka mamita 5 kuchoka pa nthambi ina kupita pa ina. Tsono taonani manambala aja bwinobwino. Nyama ya masentimita 15 singakwane pa chala chimodzi, imadzaza chikhatho. Kamene mukukaona kakukumbatira chala kaja ndi kakhanda, ka masabata ochepa, kamene kamayenera kukhala pamsana pa bambo wake nthawi imene kamajambulidwayo. Kukongola konse kumene kwatizunguza mitu kukuchokera poti wina anakalanda kwa makolo ake.

Mfundo yoyamba ya okhumbira aja ndi yoti kanyamaka ndi kakang'ono, kadya pang'ono, sikafuna malo ambiri, nde m'nyumba ya munthu kangasowe chani. Pa nkhani ya malo akunena zoona ndithu, banja lonse la tinyani timeneti limatha kukhala pa kamalo kosakwana hekitala imodzi. Koma tidzifunse kuti kamakwanitsa bwanji kukhala pa malo ochepa chonchi pomwe pusi wathu amayenda mtunda tsiku ndi tsiku kusaka chakudya. Yankho ndi loti chakudya chake sichithawa komanso sichidikira nyengo ya zipatso, chili m'kati mwa mtengo, kanyanika kamadya utomoni. Kamakakamira pa thunthu choimirira pogwiritsa ntchito zikhadabo zosongoka zokhota, poti mosiyana ndi pusi kapena ife anthu, iko kali ndi zikhadabo zakuthwa pa zala zonse kupatula chala chachikulu cha kuphazi. Kakakhazikika kamaluma khungwa ndi mano a m'mwamba kuti kagwirire, kenako ndi mano akutsogolo a m'munsi, omwe ndi aatali komanso akuthwa, kamakokota khungwalo pang'onopang'ono mpaka kuboola kadzenje. Mtengo ukavulala umatulutsa utomoni kuti utseke bala, ndiye kanyani kamachoka kukakokota pena, kudzabwera utomoni utaunjikana n'kunyambita, n'kukokotanso pomwepo kuti balalo lisapole. Mtengo umodzi umatha kukhala ndi timaenje mazanamazana, ukatopa banja lonse limasamukira ku wina. Agulugufe obwera kudzamwa pa timaenjepo nawonso amasanduka ndiwo, kuwonjezera pa ziwala ndi akangaude omwe kamasaka m'masamba. Ndiye kamalo kakang'ono kaja si malo wamba, ndi munda wa mitengo yamoyo umene banja limaulima ndi mano tsiku lililonse.

Chifukwa cha chimenechi ngakhale m'mimba mwake munapangidwira utomoni. Utomoni ndi wovuta kugaya, moti mbali ina ya matumbo ake ndi yaikulu ndipo mmenemo muli mabakiteriya amene amauphwanya pang'onopang'ono, komanso mu utomonimo ndi momwe kamapeza kashiamu wolimbitsa mafupa amene mu ziwala ndi wochepa. Tsono munthu wa pa Lizulu kapena pa Bembeke akakagula akapatsa chani? Nthochi, phala, bisiketi, mkaka wa ufa, mwinanso tiyi wa shuga pa supuni poti ana akusangalala kukaona kakumwa. Zotsatira zake madotolo a ziweto a maiko amene anthu amaweta tinyani amazidziwa bwino, kutsegula m'mimba kosatha, kuonda, mano kuwola, mafupa kufewa mpaka kupindika chifukwa chosowa kashiamu ndi vitamini D3 imene tinyani ta mtundu umenewu timaifuna yochuluka. M'malo osungira nyama a ku Ulaya amachita kuitanitsa gum arabic, utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe wochokera ku Sudan ndi maiko oyandikana nawo, n'kuboola timaenje m'zipika n'kuthiramo kuti kanyama kazikokotabe, amaweta tizilombo tokadyetsa, amaika mababu apadera otulutsa kuwala konga kwa dzuwa. Onsewa ndi anthu olembedwa ntchito ya chomwecho, ophunzira, ndipo nawonso amavutika nato. Nde ife tikuti tikwanitsa ndi nthochi za pa msika?

Onjezerani kuzizira. Dedza Boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo aliyense wa kuno akudziwa mmene Juni ndi Julayi amachitira, m'mawa madzi a mu ndowa osagwirika, chifunga pa phiri mpaka dzuwa kukwera. Ku Amazon kumene kamachokera kumatentha chaka chonse ndipo mpweya wake ndi wa chinyontho. Thupi la magalamu 100 limataya kutentha msanga kwambiri, n'chifukwa chake olo kwawo kotenthako usiku banja limagona mothithikana pa nthambi m'zilambe zowirira. Kuno pafunika hita yoyaka usiku wonse, ndipo magetsi akazima pakati pa usiku monga amachitiramu, pofika m'mawa mwini wake apeza ndalama zake zitauma m'kakhola.

Mfundo yachiwiri ndi ya chikondi. Akuti ine ndidzakakonda ngati mwana, kadzazolowera, kadzanditenga ine ngati mayi wake, nanga si kamene kali mu vidiyo kaja kakuoneka kokondwa. Sindikukayika kuti ambiri onena izi ali ndi mtima wabwino, koma chimene kanyanika kamasowa munthu sangakapatse olo atakonda chotani. Kwawo timakhala m'mabanja a awiri mpaka asanu ndi anayi, bambo, mayi ndi ana a mibadwo yosiyana, ndipo kawirikawiri wamkazi mmodzi yekha ndi amene amabereka. Bere limatenga miyezi inayi ndi theka, nthawi zambiri amabereka mapasa, ndipo amatha kubereka kawiri pa chaka. Kakhanda kalikonse kamabadwa ndi magalamu pafupifupi 15, kutanthauza kuti mapasa awiriwo pamodzi akuyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa mayi wawo. Amayi amene munaberekapo werengetsani nokha kuti pa thupi lanu amenewo akanakhala makilogalamu angati. Mayi yekha sangathe kuyamwitsa, kubereka kumsana ndi kusaka chakudya, choncho ntchito yobereka ana kumsana amaigwira kwambiri bambo ndi achimwene ndi achemwali a khandalo, mayi amangolandira nthawi yoyamwitsa n'kubwezanso. Paja akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, kwa tinyaniti ndi mmene moyo uliri basi. Ana okulirapo aja akamabereka ang'ono awo ndi pomwe amaphunzira kulera, ndipo kamene kanakulira m'manja mwa munthu osaonako zimenezi kawirikawiri kakadzabereka kamalephera kusamala ana ake. Ndiye wogula kamodzi wasokoneza zinthu ziwiri nthawi imodzi, walanda khanda kwa olera ake, walandanso banja mlezi wa mawa.

Pamenepa pali nkhani ya mawu imene ine imandigwira mtima kuposa zonse. Tinyaniti timakhala tikuitanizana tsiku lonse ndi timaluzi tosiyanasiyana, kena ka pafupi, kena ka patali pang'ono, kena ka patali kwambiri, malinga ndi komwe mnzake ali m'masamba owirira mmene saonana. Charles Snowdon wa ku yunivesite ya Wisconsin ku America ndi anzake anapeza kuti poitanizanapo timapatsana mpata, wina akayankhula amadikira ena ayankhe asanabwerezenso. Anapezanso kuti makanda amabwebweta, kusakaniza mawu a akuluakulu mopanda dongosolo mpaka kudzafika powagwiritsa ntchito pamalo pake, ndipo akuluakulu amathamangira kukanyamula khanda lobwebwetalo. Yaimuna ndi yaikazi zikangokwatirana kumene zimasintha kaliridwe kuti kafanane. Stella de la Torre, katswiri wa ku Ecuador, pamodzi ndi Snowdon yemweyo anajambula mawu a magulu a m'madera osiyanasiyana a m'nkhalango ya Ecuador ndipo anapeza kuti dera lililonse lili ndi kayankhulidwe kake. Ife a ku Ntcheu ndi Dedza amene timadziwika ndi lilime tikangotsegula pakamwa mu Lilongwe tisadabwe nazo. Tsono nyama imene moyo wake wonse ndi kuitana ndi kuyankhidwa, muiike yokha m'kakhola pa balaza pomwe wailesi ikulira, izikhala ikuitana popanda woyankha kwa zaka khumi ndi kuposerapo, poti zimakhala moyo mpaka pamenepo zikapanda kufa msanga, n'kumati mukuikonda? Kukakamira pa chala kuja si kukondwa, khanda la marmoset limagwira chilichonse chimene lapeza chifukwa kwawo likataya pogwira ndiye kuti lagwa mu mtengo.

Mfundo yachitatu ndi imene inandichititsa kuganiza kwambiri, ndipo amene anaibweretsa ndi munthu wowerenga. Iye anati inu mukuti zochokera ku South America sizingakhale kuno, nanga kachewere amene akudyetsa Tsangano ndi Bembeke anachokera kuti, si ku mapiri a Andes ku Peru komweko? Nanga chinangwa, tomato, nanga mbira zimene agogo athu amaweta kukhitchini zija? Zonsezi ndi zoona, kachewere ndi wa ku Peru, chinangwa ndi cha ku Amazon, ndipo mbira zowetazo ndi za ku Andes. Koma chitsanzo chimenechi chikuthandiza mbali yanga. Kachewere anayamba kulimidwa zaka zoposa 7,000 zapitazo, mbira nazo anthu a kumeneko akhala akuziweta kwa zaka masauzande, kusankha zofatsa, zoswana msanga, zodya udzu ndi makoko, mpaka inasanduka nyama ina yosiyana ndi abale ake a kutchire. Chimene chinafika kuno ndi chinthu chimene mibadwo yambirimbiri ya alimi inachikonza kale kuti chizikhala ndi munthu. Ndipo taganizani, anthu a ku Amazon akhala moyandikana ndi kanyanika kuyambira kalekale, ena amakagwira n'kukasunga pakhomo kwa kanthawi, koma palibe mtundu wa anthu umene unakasandutsa chiweto choswana pakhomo mibadwomibadwo monga anachitira ndi mbira. Eni nkhalango amene ali ndi mitengo yake pakhomo sanakwanitse, ife tiyambira pati. Kuzolowera munthu ndi kukhala chiweto ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyanako kumaonekera kanyama kakatha msinkhu, pamene kamayamba kuluma ndi mano okokotera mitengo aja, kupaka fungo ndi mkodzo pa mipando ndi makatani posonyeza kuti dera ndi lake, n'kumalusira alendo ndi ana. Nthawi imeneyo palibe amene amajambula vidiyo.

Apa ndingodutsa mwachangu pa matenda. Tizilonda totuluka pamilomo tija, timene ambiri timangoti ndi malungo akutuluka, timayamba ndi kachilombo ka herpes kamene anthu ambiri tili nako osadziwa, kwa ife ndi nkhani ya masiku ochepa koma kwa marmoset ndi imfa, kungokapsopsona kapena kukapatsa chakudya cholumako kale. Matenda amayendanso kuchoka kwa nyani kupita kwa munthu, makamaka otsegula m'mimba, ndipo m'nyumba muli ana okwawa.

Ena akuti nkhalango ya Amazon ikutha kale, ndiye kuli bwino tinyaniti tisungidwe m'nyumba za anthu kusiyana n'kufera kumeneko, komanso ambiri ogulitsidwa anabadwira m'makhola, sanagwidwe kutchire. Zoti nkhalango ikutha ndi zoona, ndipo mitundu iwiri yonse ija bungwe la padziko lonse loteteza chilengedwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa nyama zimene zili pachiopsezo. Koma pa zifukwa zimene zikuchepetsa tinyaniti, pambali pa kudula mitengo, kutsegula minda, migodi ndi kukumba mafuta, palinso kugwidwa kuti tikagulitsidwe. Ndiye wogula sangadzitche mpulumutsi pomwe iye ali pa mndandanda wa mavuto. Kagwiridwe kakenso n'kosavuta chifukwa cha khalidwe lija lokhala pa mtengo umodzi, wosaka akangoona thunthu la timaenje amadziwa kuti banja lili pomwepo ndipo libweranso mawa. De la Torre uja anaona kuti magulu amene avutitsidwa ndi ogwira komanso alendo ochuluka amachepetsa kuitanizana, amachepetsa kusewera, amathawira m'nthambi za m'mwamba, kutanthauza kuti olo otsala sakhalanso mmene analili. Za obadwira m'makhola, alipo inde, koma kuti khanda ligulitsidwe likadali lokwana pa chala ayenera kulichotsa kwa mayi likadayamwa, komanso pepala loti ichi chinabadwira m'khola ndi losavuta kulemba, ife a kuno za mapepala ogula tikuzidziwa. Malonda a tinyaniti pakati pa maiko amayendetsedwa ndi pangano la CITES limene Malawi anasaina, pamafunika zilolezo, ndipo kamene kangafike kuno kobisidwa pansi pa mpando wa thiraki sikangakhale nazo. Komanso kosungidwa pa balaza sikathandiza mtundu wake m'njira iliyonse, sikadzaswana, sikadzabwerera kutchire, palibe akudziwa olo mtsinje umene makolo ake anachokera.

Nanga oti ife tangosheya vidiyo, talakwa chani? Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2016, chaka chimene pa kalendala ya ku China chinali cha nyani, zithunzi za tinyani ta pa chala zinafala kwambiri kumeneko ndipo manyuzipepala analemba kuti kamodzi kamagulitsidwa mozemba pa mtengo woposa madola 4,000. Mu Novembala chaka chomwecho akuba anathyola kumalo osungira nyama a Symbio pafupi ndi Sydney ku Australia n'kuba tinyani titatu, kamodzi kakhanda koyamwa, mwamwayi tonse tinapezeka. Akuba saba chinthu chopanda msika, ndipo msika wa nyama ngati imeneyi umayamba ndi anthu ambirimbiri olemba kuti ndikufuna kamodzi, mwa iwo ochepa okhala ndi ndalama n'kuchitadi. Wojambula naye akaona kuti vidiyo yake yaonedwa ndi anthu mamiliyoni, khanda lija likakula n'kusiya kukwana pa chala amakasaka lina. Kwa ife kuno choopsa cha pafupi ndi akamberembere, posachedwapa muona peji yoti tili nato tiwiri tatsala, tumizani theka la ndalama pa foni tikutumizireni pa basi, ndipo amene adzabedwe sadzanena poopa kusekedwa.

Tsopano mfundo yolemera kuposa zonse, imene sindikufuna kuipeputsa. Anthu akuti inu mukulira kanyani ka ku Brazil pomwe kuno anyani akutha chimanga m'minda, anthu akugona ndi njala, feteleza sakugulika, mwasowa chokamba eti? Aliyense amene ali ndi munda m'tsinde mwa phiri, kaya ku Chongoni, kaya ku mapiri a Kirk Range ku Ntcheu, akudziwa kuti kuyambira chimanga chikamakhwima mpaka kukolola munthu amakhala pa msasa kuyambira m'bandakucha, ana ena amajomba kusukulu kukaingitsa anyani, ndipo gulu limodzi likalowa mphindi zochepa ntchito ya miyezi yatha. Munthu wotere kumuuza kuti nyani ndi wokongola ndi chipongwe. Koma onani kuti mlimi ameneyu ndi ine sitikutsutsana. Mlimi sakufuna nyani pakhomo pake, inenso ndikuti nyani asakhale pakhomo. Amene akufuna kuweta si mlimi wolondera munda, ndi munthu wa pa tauni wokhala ndi bandulo ndi ndalama zapadera, amene akubisala kumbuyo kwa njala ya mlimi kuti asayankhe funso. Ndipo kunena kuti tisakambe za nyama poti kuli njala sikunagulireko munthu thumba la feteleza, mabandulo omwewo amene tikuthera pa kavidiyoka bwenzi titawakambanso.

Chimene chimandiwawa n'choti khalidwe limene tikukhumbira pa kanyani ka ku Amazon tikulichita kale pa pusi wathu. Pa malo ena ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1 ndinaonapo pusi womangidwa chingwe m'chiuno pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale. Chingwecho anamumanga ali mwana ndipo iye anakula chingwe osakula, ubweya wa m'chiuno unatha, khungu linali lofiira lonyowa, ntchentche zili ng'waa. Pansi pozungulira mtengo panali posalala mozungulira mpaka pomwe chingwe chimathera. Ana amamuponyera makoko a nzimbe, iye osatola, amangogwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo atagwira nsonga ya mchira wake umene anali ataudya mpaka kutuluka magazi. Ameneyunso tsiku lina anali kakhanda kokongola kogulidwa pamsewu, ndipo kawirikawiri mwana wa pusi sapezeka popanda kupha kapena kuvulaza mayi wake poti mayi samutaya. Akakula n'kuyamba kuluma, ena amamuzula mano ndi pulayala, ena amangomumasula, ndipo pusi womasulidwayo poti saopanso munthu ndi amene amalowa m'makhitchini, kulanda ana zitumbuwa ndi kuluma amayi pa mjigo. Mlimi uja vuto lake lawonjezeka chifukwa cha woweta.

Lamulo lilipo kale. Kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo chisinthireni lamuloli mu 2017 zilango zinakwera, pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Ku Lilongwe Wildlife Centre kuli apusi ndi anyani ambiri olanditsidwa kwa oweta ndi ogulitsa pamsewu, amawaphatikiza m'magulu kuti aphunzirenso kukhala ndi anzawo, ndipo magulu ena anakawatulutsa ku Kasungu National Park. Ntchito yonseyo ndi yokonza zimene anthu okonda nyama anaononga.

Kwa amene mtima wawo wagwidwadi ndi kanyama kodya utomoni, tili nako kathu. Changa, amene amalira usiku m'mitengo ana n'kumaopa, naye amadya utomoni wa mthethe ndi tizilombo, makamaka nyengo yozizira pomwe tizilombo tachepa. Iye saboola yekha khungwa, amapala ndi mano a m'munsi utomoni umene watuluka pomwe mtengo wavulala kale, ndipo usiku uliwonse amayendera mitengo yake yomweyomweyo. Sali pa ubale wapafupi ndi marmoset, koma onse awiri moyo wawo uli pa mitengo yamoyo yoimirira, ndipo mitengo yathu ya ku Dedza ndi Ntcheu ikupita m'matumba a makala amene tikuwaona pa njinga m'mawa uliwonse. Amene akufuna kuchitira zabwino kanyama kotere angayambe ndi kusiya mthethe wa m'mphepete mwa dambo kapena wa kumanda uli chiimire, sizifuna thiraki ya ku Joni.

Patsala gulu limodzi, la achifundo, amene akuti ine sindikhumbira koma ndikaona mnyamata akugulitsa kamwana ka pusi kapena changa pamsewu ndimagula kuti ndikapulumutse. Ndikuwamvetsa, kudutsa osaima pomwe kanyama kakukuyang'ana n'kowawa. Koma mnyamata uja saona kusiyana pakati pa ndalama ya wachifundo ndi ya wokhumbira, iye waona kuti pusi amagulika, ndipo sabata yamawa abwerera ku phiri ndi agalu ndi legeni kukapha mayi wina. Komanso wogulayo tsopano ndi amene akusunga nyama popanda chilolezo, alibe mkaka woyenera, alibe apusi ena oti akule nawo, miyezi ingapo ikapita chingwe chija chimupeza. Choyenera ndi kusagula, kuzindikira malowo n'kudziwitsa apolisi kapena a nthambi ya nyama zakutchire. Kuchokera pa Dedza Boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 okha, a zanyama amatha kudzamutenga, ndipo kumeneko akamupima matenda, amusunge payekha kwa kanthawi, kenako ayambe kumuzoloweza apusi anzake pang'onopang'ono, ntchito imene kwa pusi wokulira pa chingwe imatenga miyezi yambiri.